Mbiri ya kanema kuno kwathu ku Tsangano ndi ku Macanga, ndi zimene ife oonera takhala tikunena

 Ine ndine mlimi wa mbatata ya kachewere ndi tirigu pang'ono, sukulu ndinalekera ku pulayimale, ndiye kalembedwe kangaka mukalandire monga kaliri. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya kanema. Masiku ano tikakumana pa kalabu, tisanayambe n'komwe za feteleza kapena za mitengo ya mbewu, pamapezeka wina wofunsa ngati filimu yakutiyakuti taionera, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Achinyamata ambiri amaganiza kuti kanema anabwera ndi foni. Ayi ndithu. Agogo athu ankaonera, makolo athu ankaonera, ndipo nawonso ankakangana monga tikuchitira ifemu. Ndayesa kusonkhanitsa zimene ndinamva kwa akuluakulu, zimene ndinaona ndekha, ndi zina zimene aphunzitsi a m'kalabu yathu anandithandiza kupeza m'mabuku.

Oyamba kuona kanema m'midzi yathu ino sanamuonere kuno. Nthawi ya Apwitikizi nyumba za kanema zinali m'mizinda, ku Lourenço Marques, ku Beira ndi ku Tete, ndipo munthu wa kumudzi wopanda nsapato sankayandikirako. Amuna a kuno ankathawa chibalo ndi msonkho n'kupita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Rhodesia, ena ku Salisbury, ena ankadzera ku Nyasaland kukalembetsa za ku Joni. Kumeneko, m'makomponi, n'kumene anakumana ndi chimene ankachitcha bayisikopo. Zambiri zinali za anyamata a pa mahatchi a ku America, owombera ndi kumenya zibakera, ndipo ngwazi iliyonse ya m'mafilimu amenewo anthu ankangoitcha Jack, kaya dzina lake lenileni linali ndani. Kuyambira 1948 mpaka 1963 kunalinso bungwe la Central African Film Unit limene linkapanga mafilimu a anthu akuda a ku Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo magalimoto ankayenda nawo m'midzi kuphunzitsa kalimidwe, ukhondo ndi kusunga ndalama. Agogo anga aamuna, amene anakhala zaka zambiri m'mafamu, ankati za Jack zinali zokoma, koma zophunzitsa ulimi zinkawatopetsa, poti mzungu amene sanagwirepo khasu ankafuna kuuza munthu wobadwira m'munda kapangidwe ka mzere. Ameneyo ndiye woweruza mafilimu woyamba amene ine ndikumudziwa.

Dziko litalandira ufulu pa 25 June 1975, boma la Samora Machel linaona kuti anthu ambiri sadziwa kuwerenga, ndipo wailesi yakanema kunalibe. Mu 1976 linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Bungwe limeneli linkapanga kanema wa nkhani wotchedwa Kuxa Kanema, kutanthauza kubadwa kwa kanema. Anali wa mphindi khumi zokha, wopanda mitundu, ndipo kuyambira 1981 ankatuluka sabata iliyonse. Ankamuonetsa m'nyumba za kanema filimu yaikulu isanayambe, komanso magalimoto amene anachokera ku Soviet Union ankamutengera m'maboma ndi m'midzi. Akafika ankamanga nsalu yoyera pa mitengo iwiri, n'kudikira mdima. Linapanganso mafilimu aatali, monga Mueda, Memória e Massacre ya Ruy Guerra mu 1979 ndi O Tempo dos Leopardos mu 1985, onena za nkhondo yomenyera ufulu.

Bambo anga ankanena kuti anaonerako kawiri kokha, ku Ulónguè, ali mnyamata. Chimene sankaiwala n'chakuti tsiku limenelo anaona nkhope ya Samora ikuyenda ndi kulankhula. Mawu ake ankawadziwa kale pa wailesi, koma chala chija choloza anthu, ndevu zija, kuseka kuja, anaziona pa nsalu. Ankati amayi ena anaombera m'manja ngati mtsogoleriyo ali pomwepo. Koma panali vuto limodzi limene ndikufuna mulisunge, chifukwa tidzakumana nalonso kutsogoloku: kanemayo ankalankhula Chipwitikizi. Pankafunika munthu woimirira pambali pa nsalu kumamasulira m'Chinyanja, ndipo bambo ankati womasulirayo ankawonjezerapo zakezake, pena kufupikitsa, pena kukometsera. Chachiwiri chimene anthu ankanong'onezana pobwerera kunyumba, osati pagulu, n'chakuti pa nsalupo minda ya boma ndi midzi ya komunale inkangooneka ya zokolola zodzaza nkhokwe, pamene m'sitolo munalibe mchere kapena sopo. Anthu sanali opusa. Ankasangalala kuona dziko lawo, koma ankadziwanso kuti akuonetsedwa mbali imodzi.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, magalimoto a kanema analeka kuyenda, poti misewu inali ya mabomba okwirira ndi zigawenga zobisalira. Samora anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 October 1986, ndipo mu 1991 moto unatentha nyumba ya Instituto ija ku Maputo. Kuxa Kanema anathera pamenepo.

Zaka zimenezo midzi yambiri ya kuno inali mabwinja. Anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo kwa ife a ku Tsangano ndi Angónia kuthawa kwake kunali kungowoloka msewu, paja msewu waukulu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu m'malo ambiri ndiwo malire. Ine ndinabadwira tsidya limenelo mu 1990. Ku Malawi nthawi ya Kamuzu kunalibe wailesi yakanema, inadzayamba mu 1999, ndipo lamulo la 1968 linkapatsa mphamvu akuluakulu a boma kudula kapena kuletsa filimu iliyonse imene aiona kuti ndi yolaula. Komabe m'misika ngati Lizulu ndi Biriwiri munayamba kupezeka tizisakasa ta vidiyo: kanema mmodzi pa tebulo, dekhi ya makaseti aakulu aja, jenereta panja, mabulangete otseka m'mipata kuti wosalipira asasuzumire.

Tsono taganizani zimene ankaonetsa. Rambo, wachiwiri uja wa 1985. Commando ya Arnold Schwarzenegger, ya chaka chomwecho. Chuck Norris. Bruce Lee, amene anali atamwalira kale mu 1973 koma anyamata ankalumbira kuti ali moyo. Anthu othawa nkhondo yeniyeni ankalipira ndalama yawo yovuta kupeza kuti akaonere nkhondo yabodza. Ichi chimandizunguza mutu mpaka lero. Mayi anga sanalowemo ngakhale kamodzi. Ankati akangomva phokoso la mfuti pa sipika ya panja miyendo inkawalobodoka, ndipo ankazungulira njira ina popita kumsika. Amalume anga, amene anagwirapo mfuti zaka zinayi, iwo ankalowa, koma ankatulukamo akuseka. Ankati mfuti ya Rambo siitha zipolopolo, mwini wake samva njala, sadwala m'mimba, ndiponso simuona munthu wogwidwa m'mudzi atasenzetsedwa thumba la ufa masiku atatu osapuma. Kwa iwo nkhondo inali njala, nsabwe, kuyenda usiku ndi mantha, kuwomberana kunali kwa kanthawi kochepa. Koma anyamata amene anawoloka malire ali pamsana sankamva zimenezo. Ankamanga kansalu pamutu, n'kusema mfuti za mtengo. Mpaka pano m'midzi yathu muli abambo a imvi amene dzina lawo lodziwika ndi Rambo kapena Vandamu.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, ndipo mu 1993 ndi 1994 anthu anayamba kubwerera. Apa pali chinthu chimene ambiri a ife sitikuchidziwa. Ulendo wobwerera uja unajambulidwa. Licínio Azevedo, wobadwira ku Brazil koma wokhazikika ku Mozambique, anatsagana ndi banja lina limene linakhala pafupifupi zaka khumi ku Malawi, pa ulendo wawo wobwerera kumudzi kwawo m'chigawo chathu chino cha Tete. Filimuyo dzina lake ndi A Árvore dos Antepassados, ndiko kuti mtengo wa makolo, chifukwa banjalo linkafuna kukafika pa mtengo umene ankapembedzerapo mizimu, kukauza makolo kuti tabwerako. Anaionetsa pa BBC, anthu a maiko akutali anaiona. Ine ndinafunsa m'kalabu yathu, ndinafunsanso abale a mkazi wanga ku Furancungo, sindinapeze ndi mmodzi yemwe amene anaioneratu. Inenso ndinangoona zidutswa pa kompyuta ya mphunzitsi. Nkhani ndi yathu, katundu wa pamutu uja ndi wathu, koma oonera anali ena.

Za nthawi yanga tsopano. Ndikukula cha m'ma 2000, baraka ya vidiyo inali pa msika uliwonse. Panja pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo, ndi sipika yaikulu yokokera anthu. Tinkalipira 1000 meticais ya kale ija, ndalama isanasinthe mu 2006 pamene anachotsa maziro atatu, ndipo m'malire ankalandiranso makwacha. Wopanda ndalama ankakambirana ndi wapakhomo ndi kambale ka mbatata. Jenereta ikazima pakati pa ndewu, chipwirikiti chake sichinali chamasewera. Ndimaseka ndikakumbuka kuti damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi kuyambira 1974, magetsi ake akuwunikira ku South Africa, ife tikuonera kanema wa petulo wa m'botolo.

Amipingo nawonso ankabwera ndi nsalu yawo. Filimu ya Yesu, imene inapangidwa mu 1979 potsata Uthenga wa Luka, inali yoyamba imene ambiri a ife tinamva ikulankhula Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sindikunena za chipembedzo pano, aliyense ali ndi chake. Ndikunena za chilankhulo. Usiku umenewo panalibe wofunsa mnzake kuti akuti chiyani. Agogo aakazi ankayankha anthu a pa nsalu, kuwadzudzula asilikali achiroma mokweza, ndipo ana ena anatola miyala.

Shaka Zulu, ya 1986, imene Henry Cele anasewera ngati Shaka, inali ndi mkangano wakewake. Kuno Angoni ndife ambiri, a Maseko amene makolo awo anadzakhazikika ku Domwe atachoka kum'mwera. Akuluakulu amene sankaponda m'baraka analowa chifukwa cha filimu imeneyi, kukaona zishango, nthungo ndi zovala za zikopa, n'kumayerekeza ndi zimene timavala povina ngoma. Ena anatuluka atanyada. Ena anadandaula kuti nkhaniyo ikukambidwa ndi azungu amene anafika kwa Shaka, ndipo munthu wakuda akuoneka ngati wongokonda magazi. Panalinso Neria ya ku Zimbabwe, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mmene Oliver Mtukudzi anaimbamo ndi kuseweramo. Ndi ya mayi wamasiye amene mlamu wake anamulanda nyumba ndi katundu mwamuna atamwalira. Imeneyo sinafune womasulira kwenikweni. Mudzi uliwonse unali ndi Neria wake, ndipo amuna ena ankatuluka filimu isanathe.

Koma chimene chinasintha baraka kwambiri ndi mafilimu a ku Nigeria. Kwawoko anayamba kutchuka ndi Living in Bondage mu 1992, koma kuno anafika mwamphamvu makaseti atalowedwa m'malo ndi zimbale, zimene zinali zotchipa ndiponso zosavuta kukopera. Osuofia in London ya 2003, Aki ndi Pawpaw amene tinkakangana ngati ali ana kapena akuluakulu, Mr Ibu amene anamwalira mu 2024, ndi Patience Ozokwor amene nthawi zambiri ankakhala mpongozi wankhanza. Kufikira nthawi imeneyo baraka inali ya anyamata. A ku Nigeria atabwera, amayi ndi atsikana anayamba kulowa, chifukwa nkhani zake zinali za m'banja: mitala, kusabereka, mpongozi, chuma cha masiye, mwana wopita kutauni n'kuiwala kwawo. Anthu ake anali akuda ngati ife, akudya ndi manja, akukangana pa khonde. Ma novela a ku Brazil, amene a m'tauni ankawakonda pa wailesi yakanema, kuno sanagwire mtima chomwecho, poti ankafuna magetsi a tsiku ndi tsiku ndi Chipwitikizi chothamanga.

Pa mafilimu a ku Nigeria ine ndili ndi mawu, ndipo ena a inu mukwiya nawo. Ndinawakonda, ndimawakondabe. Koma za ufiti zimene ankaonetsa, munthu kusanduka njoka, moto kutuluka m'maso, kupha mbale kuti ulemere, ambiri ankazitenga ngati umboni. Ndinamvapo ndi makutu anga munthu wamkulu akunena kuti a ku Nigeria anajambula mfiti zenizeni, apo ayi kamera ikanaziona bwanji? Zikhulupiriro zimenezi zinalipo kale, sindikunamizira kanema. Koma mlimi wa fodya ku Macanga akagula njinga yamoto kapena chigayo atagulitsa bwino, kunong'ona koti wakhwimira kunapeza chithunzi choti anthu aloze. Ndipo amene ankavutika kwambiri ndi agogo aakazi okhala okha.

Kenaka kunabwera ma DJ. Kwa amene simuwadziwa, ngati alipo, amenewa ndi anyamata a m'matauni a ku Malawi amene amatenga filimu ya ku China, ku India, ku Korea kapena ku America n'kuikamo mawu awo a Chichewa pamwamba. Si ku Malawi kokha, ku Kenya kuli DJ Afro amene amachita zomwezo m'Chiswahili, ku Uganda nakonso alipo. Munthu mmodzi amalankhula mawu a mfumu, a mkazi wake, a kapolo ndi a galu yemwe. Mfumu ya ku China imapezeka ikufunsa ngati nsima yapsa, msilikali akuti akuthamangira minibasi. Movitel itayamba mu 2012 n'kumanga nsanja zake m'midzi, mafoni anachuluka, ndipo anyamata a makompyuta m'misika anayamba kuthira mafilimu amenewa m'memori khadi pa mtengo wochepa. Lero wopita kukagulitsa kabichi pa Tsangano Turn-off kapena ku Lizulu amabwerako ndi mafilimu okwana mwezi.

M'kalabu yathu nkhani ya ma DJ inatigawa pakati. Amayi ena akuti anyamata amenewa ali ndi pakamwa poipa, amatukwana ndi kunyoza akazi, olumala ndi anthu a mitundu ina, ndipo ana akutengera. Aphunzitsi akudandaula kuti ana akujomba kusukulu, ndiponso kuti filimu ya akuluakulu ikangoikidwa Chichewa choseketsa makolo amaiyesa ya ana. Zimenezi n'zoona. Wina amene amamva Chingerezi anatiuzanso kuti nthawi zina DJ amakamba nkhani yosiyana kotheratu ndi imene eni filimu analemba. Achinyamata akuyankha kuti nanga tizionera bwanji zinthu zimene sitikumva? Ine pamenepa ndili mbali ya achinyamata, ngakhale kutukwanako sindikufuna. Kumbukirani munthu uja woimirira pambali pa nsalu ya Kuxa Kanema. DJ ndi mdzukulu wake. Kuyambira nthawi ya Jack kanema wakhala akubwera kwa ife m'chilankhulo cha eni ake, ndipo nthawi zonse pamafunika wina wotiuza, woona kapena wonama. Chimene chimandiwawa ine ndi china: pa baraka tinkaonera anthu makumi asanu pamodzi, wamkulu n'kudzudzula pomwepo ngati pali cholakwika, potuluka n'kumakambirana mpaka kunyumba. Lero mwana ali yekha m'bulangete ndi foni, kholo silidziwa chimene akuona.

Tsopano za mafilimu awiri amene tinaonera limodzi posachedwapa, pa kanema wa sola wa membala mnzathu, amene ndiwo anandichititsa kulemba zonsezi.

Yoyamba ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Mnyamatayu anachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, ndipo powerenga mabuku a m'laibulale anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi njinga ya bambo ake. Anaijambulira ku Malawi komweko, ndipo mbali yaikulu amalankhula Chichewa. Apo ndi pamene panabuka mkangano. Chiwetel Ejiofor, amene anaitsogolera ndi kusewera ngati bambo, ndi wa ku Britain wa makolo a ku Nigeria. Maxwell Simba, amene ndi William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, mayi, anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Onsewa Chichewa anachita kuphunzira chifukwa cha filimuyi. Atangoyamba kulankhula, achinyamata anagwa n'kuseka, ena akuti pakufunika DJ woti amasulire Chichewa chimenechi kupita m'Chichewa. Pamene Lily Banda, Mmalawi amene ndi mlongo wake wa William, analankhula, m'nyumba monse munamveka kuti eya, uyu ndiye wathu. Mkulu wina anati ndi chipongwe kuti dziko lodzaza ndi anthu olankhula Chichewa likasowe woti akhale bambo. Mayi wina anamuyankha kuti iye wakhala zaka zonsezi akuseka Chipwitikizi chathu chopotoka m'maofesi, lero waona mlendo wotchuka akuvutikira chilankhulo chathu, ndipo zamukomera.

Kusekako kunatha njala itafika pa kanema. Banja likuyamba kudya kamodzi patsiku n'kumakambirana kuti chakudya chimenecho chikhale cha nthawi yanji. Anthu akuthamangira chimanga cha boma, akukanganirana pa chipata. Akuba akulowa m'nyumba kutenga kotsala. Njala ya 2002 sinaone malire, kunonso inatipweteka, ine ndinali ndi zaka 12 ndipo ndikukumbuka gaga ndi nthochi zosakhwima. Panalibe wolankhula. Anzathu a ku Macanga anagwidwanso mtima ndi pamene anthu a m'mudzi akugulitsa mitengo yawo kwa a esiteti ya fodya, mfumu ikuwaletsa, kenaka madzi osefukira n'kukokolola minda. Anati zigafa za fodya zadya nkhalango zambiri kwawoko, ndipo amene amalima fodya amadziwa yekha kumene amakatenga milimo masiku ano poyerekeza ndi kale.

Koma ife alimi a m'madimba tinali ndi funso pa mathero ake. Pampu kakang'ono kaja, ka batire ndi dayinamo ya njinga, kangathirire munda woti mudzi upulumuke? Ife timathirira mbatata ndi kabichi chilimwe chonse, ena ndi ngalande zochokera m'mitsinje ya m'mapiri, ena ndi injini, ndipo tikudziwa madzi amene munda umamwa. Mphunzitsi wathu amene anawerenga buku la Kamkwamba la 2009 anatiuza kuti makina ake oyamba anali owunikira m'nyumba ndi kulizira wailesi, za kupopa madzi zinabwera pambuyo pake. Opanga filimu anaphatikiza ziwirizi kuti nkhani ithe mokoma. Ena anati palibe kanthu, kanema ndi kanema. Ine ndinaona kuti zoona zakezo zinali zokwanira kale, mwana wa mlimi kuyatsa babu m'nyumba ya udzu si chinthu chofuna kukometsera. Za Gule Wamkulu amene akuoneka pa maliro m'filimuyi, a ku Macanga amene ndi eni dambwe anangoti pali zina zimene sangakambe pagulu la amayi ndi ana, ndipo tinazisiya pomwepo.

Yachiwiri ndi ya kwathu konkuno, Comboio de Sal e Açúcar ya 2016, ya Licínio Azevedo yemwe uja. Ndi ya sitima ya pamtunda yochoka ku Nampula kulowera ku Cuamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, yodzaza anthu onyamula mchere kuti akasinthanitse ndi shuga ku Malawi, ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa njanji yaphwasulidwa, asilikali akuiperekeza. Imeneyi ndi ya Chipwitikizi, ndiye mphunzitsi anakhala DJ wathu, wopanda zotukwana. Achinyamata anati ndi yozizira, ndewu zake n'zochepa, sizikufika pa za ku China. Akuluakulu sanagwirizane nawo m'pang'ono pomwe. Anati aka n'koyamba kuona pa kanema chinthu chimene amachidziwa koma sichikambidwa pa misonkhano: kuti munthu wamba ankaopa a m'tchire, n'kumaopanso ena mwa asilikali omwe ankati akumuteteza, makamaka akakhala mkazi. Amalume anga aja akanakhala moyo ndikhulupirira sakanaseka. Mayi wina wachikulire anatuluka pakati, tinamupeza atakhala panja, ndipo anangotiuza kuti mchere umenewo iye anausenzapo.

Mafilimu a ku Malawi nawo akufika, ngakhale ambiri timawadziwira pa memori khadi yokopera, eni ake osapeza kanthu. Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life mu 2008 ndi The Last Fishing Boat mu 2012, Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe, ndipo Fatsani, ya mtsikana wogulitsa malonda mumsewu, inakondedwa ndi amayi a m'kalabu. Izeki ndi Jakobo, amene onse awiri anatisiya, akadali m'mafoni a anthu ambiri kuno. Za ku Maputo, monga Resgate ya 2019 imene inafika pa Netflix, achinyamata a ku sekondale ndiwo amazidziwa, ife a m'midzi timaziona ngati za dziko lina, chilankhulo china ndi moyo wina.

Chimene sindinachionebe ndi filimu ya mlimi wa ku Tsangano amene wakolola matumba a mbatata msewu n'kuduka ndi mvula, vendala n'kumutchulira mtengo womwe akufuna. Kapena ya banja la ku Furancungo tsiku logulitsa fodya, pamene ngongole ya feteleza yadulidwa n'kuona chotsala. Anyamata athu ali ndi mafoni ojambula bwino, amajambula maukwati, ngoma ndi mpira, ena ayamba timasewero tawo tifupitifupi. Akuluakulu amene anaona Kuxa Kanema pa nsalu atsala ochepa, ndipo amene anayenda ulendo wobwerera mu 1994 nawonso akukalamba.

Pempho langa kwa makalabu ndi ili. Kalabu iliyonse ifunse akuluakulu a m'dera lake filimu yoyamba imene anaona, kumene anaionera ndi chimene anaganiza, mayankhowo tiwatumize ku wailesi kuti awerengedwe pa pulogalamu yathu. Ndipo a komiti atifufuzire kumene tingapeze A Árvore dos Antepassados yathunthu. Nsalu yoyera ilipo ku tchalitchi, jenereta tibwereka kwa a chigayo, petulo tisonkherana. Mwezi wa July tikamaliza kukolola chimanga ndi nthawi yabwino, kungoti aliyense abwere ndi bulangete lake, paja kuzizira kwa ku Tsangano mukukudziwa.